Nkhonya Imatsata Mtima wa Mwini Wake

Ana anga ndi adzukulu anga a m'makomboni a ku Shamva, Bindura, Mvurwi, Banket, Trelawney ndi Karoi kuno ku Zimbabwe, khalani pansi tikambirane nkhani imene mumaikonda, nkhani ya nkhonya. Makolo anu anakula akuonera Bruce Lee ndi Jackie Chan pa vidiyo, atadzazana m'kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo ya papulazi. Inu lero mukuonera Jet Li ndi Donnie Yen pafoni, mitu isanu itaunjirira kagalasi kamodzi. Filimu ikatha, mkangano wake ndi womwe uja wakalekale: wa Shaolin atakumana ndi wa tai chi angagwe ndani, nanga kamenyedwe ka kambuku ndi ka njoka koopsa ndi kati? Mkanganowo ndi wokoma ndipo sindikufuna kukulandani. Changa n'chakuti funsolo mumalifunsa mozondoka. Mipikisano yeniyeni ya akatswiri a ku China, imene inachitika pamaso pa anthu osati yopeka ya m'mafilimu, ikuonetsa kuti dzina la kamenyedwe silinapulumutsepo munthu. Chimene chimaimika munthu kapena kumugwetsa pabwalo ndi mtima umene wabwera nawo, kaya ndi wapachala, wamantha, wodzikuza kapena woweteka. Mtima womwewo ndi umene mudzapite nawo kumowa, kumgodi, kuntchito ndi m'banja, choncho nkhaniyi ikukhudza ngakhale iwe amene sunavalepo magolovesi.

Tiyambe ndi kuwapatsa ulemu wawo eni luso, pakuti si zamasewera zimene anasiya. Kachisi wa Abuda wa Shaolin anamangidwa m'chaka cha 495 pa phiri la Song m'chigawo cha Henan, ndipo m'kupita kwa zaka dzina lake linamveka chifukwa cha ansembe odziwa ndodo ndi nkhonya. Kumpoto kwa China kunatchuka kamenyedwe kotambasula miyendo, kodumpha ndi koponya mateche ataliatali. Kumwera, ku Guangdong ndi ku Fujian, anthu anakonda kuima motsika, mapazi atagwira nthaka, n'kumagwiritsa ntchito mikono. Hung Gar, imene Wong Fei-hung anaitchukitsa, imaphatikiza ukali wa kambuku ndi kuchenjera kwa mbalame ya miyendo italiitali yonga kakowa. Wing Chun, imene Ip Man anaphunzitsa ku Hong Kong atachoka kwawo ku Foshan, imamenyera pafupi, nkhonya zifupizifupi zotsatizana zikulunjika pakati pa thupi. Xingyi imalowa chamutu osabwerera m'mbuyo. Bagua imazungulira mdani kufuna kumutulukira kumbali. Tai chi, yochokera m'mudzi wa banja la Chen ku Henan komweko, imalola mphamvu ya mdani idutse kenako n'kumukankhira komwe amapita kale. Mukayang'anitsitsa muona kuti awa ndi makhalidwe a anthu amene mumakhala nawo pakomboni: wolowa nkhani mosaganiza kawiri, woizungulira, ndi wodikira kuti mnzake alakwitse yekha.

Koma musathamangire kunena kuti waukali asankhe kambuku, wofatsa asankhe tai chi. Taonani zimene wophunzira amachitadi akangofika. Mnyamata wofuna Hung Gar samuyambitsa ndi zikhadabo za kambuku. Amamuuza kuti atangadze miyendo, apinde maondo mpaka ntchafu zigone, msana uli chilili, nkhonya zili m'chiuno, ndipo aime chomwecho osasuntha. Posakhalitsa miyendo imayamba njenjenje, thukuta lili kamukamu, mphunzitsi ali phee kuyang'ana kumbali. Zimenezi zimatenga miyezi. Kamenyedwe kaukali kwambiri kamayamba ndi kuphunzitsa munthu kudikira. Wa tai chi nayenso samusiya m'kufatsa kwake. Amamuimika maso ndi maso ndi mnzake, mikono itakhudzana, wina akukankha wina akulandira, ndipo lamulo lake n'lakuti usachotse mkono wako pa mkono wa mnzako ngakhale akukupanikiza. Wamantha amaphunzira kusathawa, ndipo m'kachitidwe ka banja la Chen amaphunziranso kutulutsa mphamvu mwadzidzidzi, phazi likugunda pansi. Apa pali chinsinsi chimene mafilimu saonetsa: kamenyedwe kalikonse kanakonzedwa kuti kapatse munthu chimene alibe. Waphuma amapatsidwa kudekha, wamanyazi amapatsidwa kulimba mtima. Wong Fei-hung mwiniyo anali sing'anga wodziwa kulunzanitsa mafupa pa chipatala chake cha Po Chi Lam ku Guangzhou, dzanja lodziwa kuthyola litaphunziranso kumanga.

Tsono tiyeni pabwalo pamene zonse zimayesedwa. Kale ku China ofuna kuyesana ankakwera pa nsanja yopanda zingwe yotchedwa lei tai, ndipo wogwa pansi pa nsanjayo, wovomera kugonja kapena wolephera kudzuka ndiye waluza. Mpikisano wina wotchuka umene unajambulidwa unachitika ku Macau pa 17 Januwale 1954. Wu Gongyi, mphunzitsi wa tai chi wa zaka za m'ma 50, anakumana ndi Chen Kefu, wa zaka za m'ma 30, katswiri wa kamenyedwe kotsanzira kakowa woyera. Awiriwa anayamba atolana m'manyuzipepala a ku Hong Kong, ndipo ndalama zapakhomo zinapita ku ntchito zachifundo. Khwimbi la anthu linawoloka nyanja kukaona ukadaulo wa mibadwomibadwo. Chimene anaona ndi amuna awiri akuponya mikono mwachisawawa, kuthamangitsana, magazi akutuluka m'mphuno mwa Chen, mpaka oweruza anaimitsa nkhondoyo mu raundi yachiwiri osatchula wopambana. Sikuti anthuwa anali onyenga. Mantha, mkwiyo ndi maso a gulu zimachita zomwezo m'thupi la aliyense: mtima umagunda mothamanga, mpweya umachepa, manja amaiwala zosalala zonse zimene anaphunzira. Chimatsala ndi chokhacho chimene munthu anachibwereza kambirimbiri wina akumumenyadi. Mphini yobwereza ndiyo imawala, koma iyenera kutemedwa pa khungu lenileni.

Zaka khumi pambuyo pake, kumapeto kwa 1964, Bruce Lee ali ndi zaka 24 anamenyana ndi Wong Jack Man, wa Shaolin ya kumpoto, m'sukulu yake ku Oakland ku America, zitseko zili zotseka. Amene analipo sagwirizana mpaka lero. Ena amati inatha m'mphindi zitatu Wong atagonja, ena amati inapitirira mphindi 20 popanda wogwetsa mnzake. Inu musataye nthawi ndi mkangano umenewo. Chofunika ndi chimene Lee anachita pambuyo pake, chimene palibe amachitsutsa. Anatuluka m'nkhondoyo ali wefuwefu, wosakhutira ndi Wing Chun imene anaphunzira kwa Ip Man, ndipo m'malo mofuna pobisalira anavomera kuti mpweya wake unali wochepa ndiponso kuti kamenyedwe kake kanali ndi mipata. Anayamba kuthamanga mitunda, kunyamula zitsulo, kuphunzira mapazi a ankhonya a ku Ulaya ndi America ndiponso a omenyana ndi malupanga, mpaka mu 1967 anatcha njira yake yatsopano Jeet Kune Do. Anamwalira mu 1973 ali ndi zaka 32 zokha, koma dziko likumukumbukirabe. Ana anga, chida chachikulu cha munthu ameneyu sichinali teche lake lothamanga. Chinali mtima wolola kudzudzulidwa. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale atakhala mdani amene wakuonetsa pamene uli wofooka.

Mtima wosiyana ndi umenewu ndi wodzikuza, ndipo malipiro ake taaona m'masiku athu ano. Mu Epulo 2017 ku Chengdu, Wei Lei, mphunzitsi wa tai chi amene anaonetsedwapo pa wailesi yakanema ngati munthu wa mphamvu zodabwitsa, anavomera kukumana ndi Xu Xiaodong, wankhonya zosakaniza za masiku ano. Theka la mphindi lisanathe, Wei anali pansi ataphimba mutu ndi manja. Mu Meyi 2020 Ma Baoguo, bambo wa zaka zoyandikira 70 amene ankadzitcha katswiri, anagwetsedwa katatu m'masekondi pafupifupi 30 ndi munthu wongophunzira nkhonya mwa apo ndi apo. Chinawagwetsa n'chiyani? Kwa zaka zambiri anazunguliridwa ndi ophunzira amene ankagwa akangokhudzidwa, ena mwaulemu ena mwamantha, ndipo panalibe wolimba mtima kuwaponyera nkhonya yeniyeni. Munthu akamva kutamandidwa tsiku ndi tsiku amayamba kukhulupirira bodza lake lomwe. Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Vutoli si lachilendo ku China. Cha m'ma 1560 mkulu wa asilikali Qi Jiguang, amene ankalimbana ndi achifwamba a panyanja, analemba buku lophunzitsira asilikali momwe anadzudzula mayendedwe okongola m'maso koma opanda ntchito pankhondo. Akuluakulu athu anaziona kale zimenezi pamene anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Wina mwa inu anena kuti, ngati zili choncho ndiye kuti zonse za kudekha ndi mwambo n'zabodza, wopambana ndi wamphamvu ndi waukali basi. Ayi, mwana wanga, taganiza bwino. Chimene chinagwa ku Chengdu si kudekha koma matama osayesedwa. Xu sanapambane chifukwa cha ukali. Anapambana chifukwa kwa zaka zambiri analandira nkhonya kumaso pophunzira mpaka thupi lake linasiya kudzidzimuka, ndipo kumeneko ndiye kudekha kwenikweni. Luso lakale silinafe: ankhonya a sanda ku China amamenyanabe pa nsanja, atavala zoteteza mutu ndi chifuwa, n'kumagwetsana ndi njira zochokera ku kulimbana kwa makolo awo, pamene tai chi ikuthandiza okalamba ambiri kulimbitsa miyendo kuti asamagwegwe. Komanso tsatirani nkhani ya Xu mpaka kumapeto. Pakamwa pake panali pakuthwa kuposa nkhonya zake. Mu 2019 khoti linamulamula kuti apepese ndi kulipira chindapusa chifukwa chonyoza Chen Xiaowang, mkulu wodziwika wa tai chi, ndipo kwa kanthawi analetsedwa kukwera ndege ndi sitima zothamanga. Ambiri amati analangidwa chifukwa choulula chinyengo, ndipo m'mawu amenewo muli choona. Komabe mwano wake ndiwo unapatsa adani ake chogwirira. Munthu akhoza kugonjetsa amuna khumi pabwalo n'kugwetsedwa ndi lilime lake.

Tisapite kutali, zitsanzo zili pakhomo pathu. Wankhonya wa kuno Charles Manyuchi mumamudziwa nonse. Mu Meyi 2016 anapita ku Russia n'kukagonjetsa Dmitry Mikhaylenko kwawo komwe, nabwera ndi lamba wa WBC Silver, dziko lonse likuimba nthungululu. Luso lake linali losakayikitsa, koma ankakonda kusewera ndi mdani, manja ali pansi, akusangalatsa oonerera. Mu Malichi 2017 ku Singapore anakumana ndi Qudratillo Abduqaxorov wa ku Uzbekistan, ndipo lambayo anapita mu raundi yoyamba. Sindikunena izi pomunyoza, pakuti anadzuka n'kubwereranso m'bwalo monga mwamuna, koma chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Yerekezani ndi Isaac Chilemba, mwana wa ku Blantyre amene anakulitsira luso lake ku Johannesburg. Mu Julayi 2016 anaima ndi Sergey Kovalev, amene panthawiyo ankaopedwa chifukwa chogwetsa anthu msanga. Chilemba si wa nkhonya yolemera. Chake n'kuzemba, kuwerenga mapewa a mdani ndi kusatekeseka. Anagwetsedwa kamodzi, nadzuka, namaliza maraundi onse 12. Analuza pa mapointi koma anatuluka ndi ulemu. Kumbukiraninso malemu Langton Tinago wa ku Gweru, wotchedwa Schoolboy, amene anatenga lamba wa Commonwealth katatu pakati pa 1980 ndi 1986. Kutenga katatu kukutanthauza kuti analandidwapo n'kukautenganso. Mtima wosasweka ukaluza ndi wosowa kuposa nkhonya yolemera.

Mwina wina akuti, ine ndinabadwa wamtima wapachala, bambo anga anali chomwecho, palibe chimene ndingachite. Inu ana a m'mapulazi a fodya simuyenera kulankhula motero, pakuti mukudziwa ntchito ya moto m'balani. Fodya akangopachikidwa, wosonkha moto amayamba ndi kamoto kochepa, mazenera ali otseka, kudikira kuti tsamba lisinthe kuchoka kobiriwira kufika kwachikasu. Kenako amakweza kutentha pang'onopang'ono, akutsegula mazenera kuti chinyezi chituluke, ndipo moto waukulu amausungira kumapeto, poumitsa msempha wapakati. Ntchitoyi imatenga pafupifupi sabata, munthu akudzuka pakati pa usiku kukayang'ana choyezera kutentha. Akachita phuma n'kukoleza nkhuni zambiri tsiku loyamba, tsamba limauma lili lobiriwira kapena limapserera, ndipo ku okushoni ku Harare limagulidwa pa mtengo wolira nawo. Akachita mantha n'kuusiya moto uzilala, fodya amaola. Palibe mlimi amene amati moto ndi woipa, ndipo palibe amene amausiya kuti uchite zofuna zake poti ndi mmene unabadwira. Ukali wako ndi moto umenewo. Sindikukuuza kuti uuzimitse, pakuti munthu wopanda moto sateteza mlongo wake ndipo samaliza munda. Ndikukuuza kuti ukhale wosonkha, wodziwa nthawi yokweza ndi nthawi yochepetsa. Zimenezi zimaphunziridwa, monga anaziphunzirira agogo anu amene anafika kuno asanaonepo balani.

Pali njira yachidule imene achinyamata amakopeka nayo, ndipo ndiyenera kuitchula poyera. Kuyambira kale m'makomboni a m'migodi ndi m'mapulazi mwakhala mukumveka za mangolomera, mankhwala otemera m'mikono akuti amalemeretsa nkhonya. Lero pawonjezeka mankhwala ozunguza bongo a mutoriro, komanso mankhwala a chifuwa omwera kuledzera, ndi timabotolo ta mowa waukali totsika mtengo. Zonsezi zimalonjeza chinthu chimodzi, kuchotsa mantha popanda thukuta. Ku China komweko anayesapo njira imeneyi. Mu 1900 anyamata masauzande a m'midzi ya kumpoto, amene azungu anawatcha Boxers chifukwa cha masewera awo a nkhonya, anaukira alendo ndi Akhristu atakhulupirira kuti miyambo ina imene ankachita ipangitsa zipolopolo kusalowa m'thupi. Madandaulo awo ena anali omveka, pakuti dziko lawo linkadyeredwa masuku pamutu ndi maiko akunja, koma zipolopolo zinalowa, ndipo anafa ochuluka. Mantha si mdani wako, mwana wanga. Mantha ndi amene amakuuza kuti munthu uyo dzanja lake lili m'thumba, kuti anzake atatu aima kumbuyo kwako, kuti pansi apa pali miyala. Wankhonya wophunzira bwino amawamva mantha n'kuwagwiritsa ntchito. Woledzera wawapha, ndipo pamodzi nawo wapha maso ndi makutu ake. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha sikugulidwa m'kabotolo.

Tsopano mvetsetsani kusiyana kwa mpikisano ndi ndewu, pakuti apa ndi pamene ambiri ataya moyo. Pa mpikisano anthu awiri amavomerezana, amayezedwa kulemera, pamakhala woimbira woti aimitse zinthu zikafika poipa, pamakhala dokotala, ndipo belu likalira amakumbatirana. Ngakhale Wu ndi Chen ku Macau anali ndi oweruza amene anawaleretsa. Ndewu ya kumowa tsiku lamalipiro ilibe zonsezi. Nthawi zambiri chimene chimapha si nkhonya yeniyeniyo koma kugwa: munthu wamenyedwa pachibwano, wakomoka ali chiimire, wagwa chagada, nkhongo yamenya simenti. Amadzuka, amapita kukagona, magazi akuchucha m'kati mwa mutu, m'mawa sadzukanso. Womenyayo, amene ankangofuna kuonetsa anzake kuti si wamasewera, amapezeka ku ndende ya Chikurubi, ana ake akuleredwa ndi agogo. Kumigodi ya golide zinthu zinafika poipa kuposa apa. M'zaka za 2019 ndi 2020 magulu a zikwanje anasautsa okumba golide otchedwa makorokoza ku Mazowe ndi madera ena, ndipo mu Disembala 2019 wapolisi anaphedwa pa mgodi wina kufupi ndi Kadoma. Ena mwa inu mumawasirira anyamata amenewo poona ndalama ndi mantha amene anthu amawachitira. Palibe luso pa anthu khumi kukhapa munthu mmodzi. Ndi mtima wamantha umene wabisala m'gulu, ndipo chikwanje sichidziwa mwini wake.

Chotsutsa chachikulu ndachisungira pano, chifukwa ndi cholemera ndipo sindichipeputsa. Mudzati, ife timanyozedwa, amatitcha mabhurandaya, amati tilibe mutupo (mfunda), tilibe kwathu. Tikangokhala chete adzatiponda mpaka kalekale. Ululu umenewo ndi weniweni. Agogo anu ena anayenda pansi kuchokera ku Dedza, Ntcheu, Mangochi, Chipata ndi Tete, ena pa malole a Ulere, ena kudzera ku bungwe lolemba antchito la Mthandizi, nalima fodya ndi chimanga chimene chinalemeretsa dziko lino. Minda itayamba kulandidwa mu 2000, mabanja ambiri a antchito anataya ntchito ndi nyumba nthawi imodzi, ndipo ochepa okha ndiwo anapatsidwa malo. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ana obadwira konkuno akutchedwa alendo. Koma funsani kuti chinabweza unzikawo n'chiyani. Si nkhonya. Ndi anthu amene anapirira, nalankhula m'mabungwe ndi m'misonkhano, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 anavomereza kuti amene anali atabadwira kale mu Zimbabwe kwa kholo lochokera m'maiko a SADC, n'kumakhala konkuno, ndi nzika. Chinasunga mtundu wathu m'makomboni ndi mabungwe a maliro, mipingo, mizikiti, Beni ndi mwambo wa Gule Wamkulu. Woimba Alick Macheso, mwana wa m'mapulazi a ku Shamva, anayankha onyoza ndi gitala mpaka iwo omwe anavina. Wokunyozayo amafuna kuti upse mtima kuti apeze chonenera kupolisi. Ukamumenya wamupatsa chimene amafuna. Kukatenga chitupa chako, kulembetsa kuvota ndi kumaliza sukulu ndiyo nkhonya imene sangaizembe.

Sindikunena kuti dzanja lisadzuke konse. Wina akalowa m'nyumba usiku, akagwira mwana kapena mlongo wako, teteza ndi mphamvu zako zonse, ndipo ngozi ikangotha leka, pakuti ngakhale lamulo limalola kudziteteza koma silivomera kubwezera. Apanso woweta mtima ndiye amadziwa polekera. Koma pali bwalo lina limene ndimachita nalo manyazi kulitchula, bwalo la m'nyumba. Mwamuna amene wanyozedwa ndi kapitawo masana n'kukhala chete, madzulo n'kukathira mkwiyo wake pa mkazi ndi ana, ameneyo waluza kawiri. Palibe kamenyedwe ka ku China, ka ku Japan kapena ka kwathu kamene kamatcha zimenezo ukatswiri. Aphunzitsi akale ankayamba ayesa khalidwe la mwana asanamuonetse zoopsa, poopa kunola mpeni n'kuupereka kwa wamisala. Ndipo inu ana anga aakazi, musaganize kuti nkhaniyi ndi ya alongo anu okha. Mu Febuluwale 2022 ku Lusaka, Kudakwashe Chiwandire wa kuno ku Zimbabwe anagonjetsa Catherine Phiri wa ku Zambia pa nkhondo ya lamba wa WBC, akazi awiri akuonetsa luso ndi kupirira kumene amuna ambiri alibe. Phunzirani kuima molimba, kukuwa mokweza ndi kuthawa mwanzeru. Koposa zonse phunzirani kuwerenga mtima wa mnyamata asanakutengeni: onani mmene amachitira akaluza bawo kapena mpira, chifukwa ndi mmene adzachitire mukadzasemphana mawu.

Amene mukufuna kuphunzira masewerawa, phunzirani ndithu, ndipo ndikukulimbikitsani. Samson Muripo anatenga ukatswiri wa dziko lonse wa karate ya Kyokushin ku Osaka mu 2009, umboni wakuti mwana wa kumudzi kuno akhoza kufika patali. Ku Lusaka kuli malo ophunzitsira a Shaolin, ndipo ku Blantyre ana a pa Amitofo Care Centre akhala akuphunzira kung fu kwa zaka zambiri. Koma posankha mphunzitsi musafunse dzina la kamenyedwe kake. Onani ngati amalola ophunzira kuyesana moona atavala zodzitetezera, ngati iye mwini amavomera kukhudzidwa ndi nkhonya, ndiponso ngati ophunzira ake akale ali anthu aulemu pamudzi. Wolonjeza zinsinsi ndi mphamvu zosaoneka muthaweni. Kenako dzifunseni za mtima wanu, ndipo poti diso silidziona lokha, funsani amayi anu kapena mnzanu wokuuzani zoona, pakuti safunsa anadya phula. Ukauzidwa kuti ndiwe waphuma, ntchito yako ndi kuphunzira kudikira: mawu oyamba amene afika pakamwa uwameze. Ukauzidwa kuti ndiwe wamanyazi, phunzira kuyang'ana munthu m'maso n'kunena kuti ayi, chifukwa mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ukauzidwa kuti ndiwe wodzimva, funa anthu okuposa uziyesana nawo kufikira kuluza kutasiya kukupweteka. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo inu mwakula: mavuto a ntchito, a malo ndi a mapepala adzakupezani ndithu. Ang'ono anu akukuyang'anani mmene mukuwalandirira, ndipo kamenyedwe kamene adzatengere kwa inu ndi kameneko. Aphunzitseni kabwino.